Thomas Baines, Mmisiri Wojambula Mathithi

Mseu waukulu wa pakati pa mzinda wa Blantyre umatchedwa Victoria Avenue. Ku Limbe kuli mseu wina wotchedwa Livingstone Avenue, ndipo dzina la mzinda wonsewo lidachokera ku mudzi wa ku Scotland kumene Dr. David Livingstone adabadwira. Mapiri a Kirk Range, amene ali kumadzulo kwa mtsinje wa Shire, amakumbutsa za Dr. John Kirk, mnzake wa Livingstone pa ulendo wa pa Zambezi. Maina ameneŵa ana a sukulu amawadziŵa bwino. Koma pa ulendo womwewo padalinso munthu wina amene dzina lake silimveka kaŵirikaŵiri kuno ku Malaŵi. Iyeyu adali Thomas Baines, mmisiri wojambula zithunzi ndi manja. Adachotsedwa ntchito atanenedwa kuti ndi mbala, ndipo sadaoneko mapiri a Ndirande, Soche kapena Michiru. Komabe ndiye adajambula mathithi amene adatsekera Livingstone njira pa Zambezi, mpaka Livingstoneyo adatembenukira ku Shire.

Thomas Baines adabadwa pa 27 Novembala 1820 ku King's Lynn, tauni ya padoko kummaŵa kwa England. Bambo wake adali woyendetsa zombo za panyanja, motero mwanayo adakula akuona ngalaŵa zamatanga zikuloŵa ndi kutuluka padoko. Ali ndi zaka 16 makolo ake adampereka kwa mmisiri wopaka utoto ngolo zokokedwa ndi akavalo. Masiku amenewo anthu olemera ankafuna kuti pa zitseko za ngolo zawo pajambulidwe zizindikiro za mabanja awo. Ntchitoyi inkafuna dzanja losanjenjemera ndi diso losaphonya kanthu kakang'ono. Baines adaiphunzira zaka zisanu. Sadapiteko ku sukulu yaikulu ya zojambula monga amisiri otchuka a ku London. Luso lake adalipeza m'shedi ya ngolo, pakati pa fungo la utoto ndi mafuta.

M'chaka cha 1842 adakwera chombo napita ku Cape Town. Poyamba adapitiriza kupaka ngolo, koma posakhalitsa adayamba kujambula zombo za padoko, mapiri ndi nkhope za anthu, n'kumagulitsa. Mu 1848 adasamukira ku Grahamstown, kumene kudali poyambira amalonda ndi alenje opita kumtunda. Kuchokera kumeneko adayenda maulendo angapo pa ngolo za ng'ombe, nawoloka mitsinje ya Orange ndi Vaal. Ngakhale kuti ankayenda motsimphina, chifukwa mwendo wake wina udathyokapo ndipo sudalunzike bwino, mtunda sunkamuopsa.

Mu 1851 ndi 1852 adatsagana ndi asilikali a Britain pa nkhondo yolimbana ndi Axhosa, ndipo ntchito yake idali kujambula zochitika za kunkhondoko. Zithunzi zimenezi zidajambulidwa ndi munthu woima kumbali ya asilikali achingerezi. Wozipenya lero ayenera kukumbukira kuti anthu amene akuoneka akubisala m'mathengomo ankamenyera nthaka ya makolo awo.

Atabwerera kwawo mu 1853, adapeza ntchito pa ulendo wa Augustus Gregory wokafufuza kumpoto kwa Australia, umene udayamba mu 1855. Kumeneko adapatsidwa ntchito ziŵiri, kujambula ndi kusunga katundu, ndipo zonse adazigwira mokhulupirika. Gregory adakondwera naye mpaka adatcha phiri lina ndi mtsinje wina dzina la Baines. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira, popeza ntchito ziŵiri zomwezi ndizo adapatsidwanso pa Zambezi.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu ofufuza maiko ankatenga mmisiri wojambula? Kamera idalipo kale, koma idali chinthu cholemera ndi chovuta. Chithunzi chinkafuna magalasi osachedwa kusweka, mankhwala osapirira kutentha, ndi hema wamdima wotsukiramo. Sichinkaonetsa mitundu, ndiponso chinthu choyenda, monga madzi ogwa pa thanthwe, chinkatuluka ngati mtambo chabe. Tsono amene ankafuna kuti anthu a kutali aone mtsinje, mtengo kapena nyama monga momwe ziliri, ankadalira pensulo, utoto ndi burashi. Wojambula ankalemba chinthucho mwamsanga papepala ali pomwepo, naika mitundu ndi utoto wosungunula ndi madzi. Pambuyo pake, atakhala pansi pamsasa, ankachijambulanso bwino pa chinsalu chokhuthala ndi utoto wamafuta.

Mu Malichi 1858 Livingstone adanyamuka ku England ndi chombo chotchedwa Pearl, atatumidwa ndi boma la Britain. Cholinga chake chidali chosonyeza kuti sitima zingathe kuyenda pa Zambezi kuchokera ku nyanja mpaka pakati pa Africa, kuti malonda a thonje ndi zinthu zina aloŵe m'malo mwa malonda a akapolo. Adatenga Azungu asanu ndi mmodzi: mng'ono wake Charles Livingstone, amene adanyamula kamera, Dr. John Kirk, sing'anga ndi katswiri wa zomera. Richard Thornton, mnyamata wodziŵa za miyala. Norman Bedingfeld, woyendetsa sitima. George Rae, woyang'anira injini. Ndi Thomas Baines. Adatenganso kasitima kotchedwa Ma Robert, dzina limene Amakololo ankaitanira mkazi wa Livingstone, kutanthauza mayi wa Robert.

Mavuto adayamba atangofika pa mathiriro a Zambezi mu Meyi. Chombo chachikulu sichidathe kupita patali chifukwa madzi adali osaya, choncho katundu yense adamtsitsira pa chilumba china. Kasitima kaja kankadya nkhuni zambiri koma kankayenda pang'onopang'ono, ndipo kadayenera kupita ndi kubwerera kambirimbiri kuti katundu afike ku Tete. Mabokosi ndi migolo zinkadutsa m'manja mwa anthu ambiri, zina zinkatsala pano, zina zinkatsogola. Baines, amene adayenera kudziŵa chiŵerengero cha zonsezi, adagwidwa ndi malungo kangapo, ndipo nthaŵi zina ankabwebweta osadziŵa chimene akunena. Bedingfeld adakangana ndi Livingstone nasiya ntchito miyezi yoyamba yomweyo.

Tete ndi mzinda umene apaulendo ochokera ku Blantyre amadutsa lero akamapita ku Zimbabwe. Mu 1858 idali tauni yaing'ono ya Apwitikizi, yolamulidwa ndi mkulu wa asilikali dzina lake Tito Sicard. Kumeneko kudali kudikira Amakololo amene Livingstone adawasiya mu 1856, ngakhale kuti ena mwa iwo adali atamwalira ndi nthomba. Amakololo ena amene adayenda ndi Livingstone pambuyo pake adakhazikika ku chigwa cha Shire nakhala mafumu, monga Kasisi, Chipatula ndi Katunga. Baines adajambula zambiri ku Tete: tauniyo ikuoneka kuchokera kutsidya la mtsinje, anthu akufinya nzimbe ndi kuphika shuga, opalasa mabwato, ndiponso amuna akukumba malasha m'mbali mwa kamtsinje. Malasha a dera limenelo ndi amene masiku ano amanyamulidwa pa sitima ya pamtunda kuchokera ku Moatize, kudutsa m'Malaŵi, kupita ku doko la Nacala.

Kumtunda kwa Tete kudali malo amene Livingstone sadawaone pamene ankatsika ndi mtsinjewo mu 1856, chifukwa adadzera njira yachidule ya pamtunda. Adangomva kuti kuli mathithi otchedwa Kebrabasa, ndipo adadzitonthoza kuti ndi ang'onoang'ono. Mu Novembala 1858 adapita kukawaona. Zimene adapeza zidamuthyola mtima. Zambezi, amene pa Tete ndi wotambalala ngati nyanja, kumeneko amapanikizika pakati pa mapiri, nadutsa m'ngalande yopapatiza ya matanthwe akuda, osalala ngati opakidwa mafuta. Dzuŵa lidatenthetsa miyalayo kotero kuti Amakololo adatuluka matuza kumapazi. Livingstone ndi Kirk adakwaŵa mpaka pa mathithi a Morumbua, ndipo adaona okha kuti kasitima kawo sikangadutse.

Baines adajambula chigwembe chimenechi mosabisa kanthu. M'zithunzi zake mapiri aima njo mbali zonse ziŵiri, madzi agaŵikana pa matanthwe nachita thovu, ndipo anthu akuoneka ang'onoang'ono ngati nyerere pa miyala. Mu Januwale 1859 adapitakonso pamodzi ndi Charles Livingstone kuti akaone ngati madzi osefukira a dzinja amakwirira miyalayo. Livingstone adapitirizabe kulembera boma kuti sitima yamphamvu ikhoza kudutsa madzi atadzaza, koma mwezi womwewo iye mwini adakhotera kale ku mtsinje wina. Pamodzi ndi Kirk adaloŵa mu Shire, nakwera mpaka pamene mathithi a Kapichira adawaimitsa. Mathithi onse a chigawo chimenecho, amene eni dziko amawatchula maina awoawo monga Mpatamanga, Tedzani, Nkula ndi Kholombidzo, iye adawapatsa dzina limodzi la Murchison, bwenzi lake la ku London. Mu Epulo adafika ku nyanja ya Chilwa, ndipo mu Sepitembala adafika ku nyanja ya Malaŵi. Mapiri ozizira amene adadutsa pa maulendo ameneŵa ndiwo adawayamikira kwa amishoni. Kukadapanda matanthwe a Kebrabasa, mwina mzinda wa Blantyre sukadamangidwa pamene ulipa.

Pa maulendo onse a ku Shire Baines adatsala ku Tete, kulonda katundu ndi kukonza mabwato. Chithunzi chake chodziŵika cha mtsinje wa Shire chimaonetsa njovu itaima m'madzi osaya, kasitima ka Ma Robert kakuiwombera mfuti. Chimenechi adachijambula pongomvera zimene anzake adamsimbira atabwerako. Motero mathithi a Shire adasoŵa mmisiri wowajambula pa nthaŵi imene mmisiri waluso adali pafupi, ulendo wa masiku oŵerengeka chabe.

Ku Tete komweko ndiko kudabadwira mlandu. Charles Livingstone, munthu amene sankagwirizana ndi anzake ambiri pa ulendowo, adauza mkulu wake kuti Baines akuwononga katundu wa boma. Adati shuga wina wasoŵa, ndiponso kuti Baines akutaya nthaŵi ndi utoto pojambula nkhope za Apwitikizi. Livingstone adakhulupirira mng'ono wake. Mu Julayi 1859 adalembera Baines kalata yomchotsa ntchito, asadamve mbali yake. Thornton nayenso adachotsedwa chaka chomwecho pomunena kuti ndi waulesi. Pambuyo pake Kirk adatumidwa ku Tete kukafufuza m'mabokosi a Baines, ntchito imene adaigwira monyinyirika, ndipo sadapezemo chinthu chotsimikiza kuti munthuyo ndi wakuba. Baines adapempha kuti mlandu wake uweruzidwe poyera, pamaso pa anthu osakondera, koma pempho lake silidamveke. Mu Disembala adakwezedwa chombo cha nkhondo kupita ku Cape Town. Zithunzi zambiri zimene adajambula zidatsala m'manja mwa boma, popeza adazijambula ali pa ntchito ya boma.

Livingstone adali munthu wolimba mtima, ndipo nkhondo yake yolimbana ndi ukapolo siidzaiŵalika m'dziko lino. Koma pa nkhani iyi olemba mbiri ambiri amavomereza kuti adalakwa. Adali wotopa, wodwala, ndi wokhumudwa chifukwa mtsinje udamkana, ndipo mkwiyo wake udagwera munthu wofatsa amene adalibe womuikira kumbuyo. Thornton adabwezedwa pa ntchito pambuyo pake, namwalira mu 1863 pafupi ndi mathithi a Kapichira, kumene kuli manda ake. Baines yekha sadabwezedwe, ndipo iye ndi Livingstone sadaonanenso.

Akuluakulu amati mlandu suola. Baines adaganiza zobwerera ku Zambezi pa yekha, kudzera njira ina, kuti akayende pa mtsinjewo kuchokera kumtunda mpaka ku nyanja, ndipo kuti akakumana ndi Livingstone akayeretse dzina lake. Ndalama adazipeza pogulitsa zithunzi ku Cape Town. Adagwirizana ndi James Chapman, mlenje ndi wamalonda a minyanga, ndipo adapanga mabwato aŵiri amkuwa, omangidwa m'zigawozigawo kuti anyamulike pa ngolo. Mu 1861 adayamba ulendo kuchokera ku Walvis Bay, m'dziko limene tsopano ndi Namibia. Panjira adajambula chomera chachilendo cha m'chipululu, cha masamba aŵiri okha amene amakula moyo wake wonse, natumiza chithunzicho kwa akatswiri a zomera ku Kew, ku London. Matenda a ng'ombe ndi kusoŵa kwa madzi zidawavuta kwambiri, mwakuti zigawo zambiri za mabwato aja adazisiya panjira. Atadutsa nyanja ya Ngami, mu Meyi 1862, Baines adajambula kagulu ka mitengo ya mlambe m'mbali mwa chidikha cha mchere. Mitengoyo ilipobe ku Botswana, imatchedwa ndi dzina lake, ndipo oifanizira ndi chithunzicho amapeza kuti yasintha pang'ono pokha.

Atayandikira Zambezi adasiya ngolo ndi ng'ombe m'mbuyo poopa kashembe, nayenda pansi. Usiku ankamva mkokomo ngati wa mabingu a kutali. Pa 23 Julayi 1862 adafika pa mathithi aakulu amene Amakololo ankawatcha Mosi-oa-Tunya, ndiye kuti utsi wogunda. Atonga ndi anthu ena a m'deralo adawadziŵa kuyambira kalekale, ndipo adali ndi malo awo opembedzerapo pafupi ndi madziwo. Livingstone adafikapo mu Novembala 1855, ataperekezedwa ndi anthu a mfumu Sekeletu, nawatcha Victoria, dzina la mfumukazi ya ku Britain yomwe ija ya mseu wa mu Blantyre. Buku lake la 1857 lidali ndi chithunzi cha mathithiwo, koma adachijambula ndi mmisiri wa ku England amene sadapondeko m'Africa. Baines ndiye adali mmisiri woyamba kuwajambula ataima pamaso pake.

Mathithi ameneŵa ndi ovuta kuwajambula. Mtsinje umayenda pa dziko lathyathyathya, wotambalala mamita pafupifupi 1,700, ndiye kuti mabwalo a mpira 16 ondondozana. Mwadzidzidzi umagwera m'phompho lopapatiza lozama mamita oposa 100. Mu Blantyre monse mulibe nyumba yosanja imene kutalika kwake kungafike pamenepo. Munthu sangabwerere m'mbuyo kuti aone zonse nthaŵi imodzi, pakuti malo oimapo ndi mlomo wa phompho womwewo, moyang'anana ndi madzi. Nkhungu yochokera pansi imakwera kumwamba n'kumagwa ngati mvula usana ndi usiku, ndipo yameretsa nkhalango yoŵirira pamalo pamene dziko lozungulira ndi louma. Pepala la Baines linkanyowa, utoto unkayenderera, ndipo nthaŵi zina mathithi onse ankabisika m'nkhungu asadamalize mzere umodzi. Chapman adayesa ndi kamera yake koma sadaphule kanthu kooneka.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Baines adakhala pamalopo masiku ambiri, kuzungulira mbali ndi mbali. Ankadikira kuti mphepo ikankhe nkhungu, najambula chigawo chimodzi, kenaka n'kusuntha. Adajambula mbali ya kumadzulo, kumene madzi amathamangira m'mpata wotsika, adajambula ngalande zokhotakhota za kumunsi kumene mtsinje wonse umatulukira pa khomo limodzi lopapatiza, ndiponso utawaleza umene umaima m'phomphomo dzuŵa likaŵala. Eni mabwato a kumeneko adamuwolotsera pa chilumba cha pamlomo penipeni pa mathithi, pamene Livingstone adabzalapo mbewu za zipatso. Chithunzi chake china chimaonetsa gulu la njati zitapanikizidwa ndi alenje m'mphepete mwa phompho. Iye ndi Chapman adayesanso kutalika ndi kuzama kwa malowo, chifukwa Baines ankafuna kuti chithunzi chikhale umboni woona. Pafupifupi m'chithunzi chilichonse adaikamo munthu, mtengo kapena nyama, kuti wopenya adziŵe kukula kwa madziwo.

Zotsika ndi mtsinje zija zidalephereka. Kumunsi kwa mathithi Baines adamanga msasa pa kaphiri kena, nayamba kugwetsa mitengo ndi kucheka matabwa oti aloŵe m'malo mwa mkuwa umene adausiya panjira. Dzinja litafika, malungo ndi njala zidagwira anthu a pamsasapo. Kumayambiriro kwa 1863 adasiya mabwato osatha nabwerera.

Mu 1864 buku la ulendo wake lidasindikizidwa ku London, ndipo mu 1865 mudatuluka buku lina lalikulu la zithunzi zake zamitundu za mathithi a Victoria. Kudzera m'buku limeneli anthu ambiri a ku Ulaya adaona kwa nthaŵi yoyamba maonekedwe enieni a malowo. Chaka chomwecho David ndi Charles Livingstone adatulutsa buku lawo lofotokoza ulendo wa pa Zambezi ndi Shire. Zina mwa zithunzi za m'bukumo zidatengedwa ku zojambula za Baines, koma m'mau oyamba adangothokoza boma powabwereka zojambula za mmisiri amene adali nawo poyamba, osamtchula dzina. Kufunika kwa zojambulazo kudakula chifukwa cha ngozi ina. Mu 1860 bwato la Kirk lidagubuduzika pa Kebrabasa pomwepo, ndipo zolemba ndi zojambula zake zambiri zidapita ndi madzi.

Zithunzi za mathithi zidampatsa Baines mbiri, koma chuma ayi. Mu 1869 adatsogolera ulendo wa kampani ina ya ku London yofuna golide m'dziko la Amandebele, abale awo a Angoni, limene tsopano ndi mbali ya Zimbabwe. Mfumu Mzilikazi idali itamwalira mu 1868, ndipo mwana wake Lobengula adaloŵa ufumu mu 1870. Lobengula adamkhulupirira Baines, ndipo mu 1871 adampatsa kalata yomuloleza kukumba golide, koma nthaka idakhalabe ya mfumu. Kampaniyo idasoŵa ndalama, nimsiyira ngongole. Zaka zambiri Baines atamwalira, chilolezo chija chidagwera m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, imene idalanda dzikolo. Mapu ndi zithunzi za anthu onga Baines zidathandiza ophunzira, komanso zidalozera njira ena amene adabwera ndi mtima wosiyana ndi wake.

Mu 1873, chaka chimene Livingstone adamwalira kwa Chitambo, bungwe la Royal Geographical Society la ku London lidapatsa Baines wotchi yagolide pothokoza ntchito zake. Mlandu wa ku Tete sudaweruzidwe konse. Akukonzekera ulendo wina wopita ku dziko la golide, adadwala kamwazi namwalira ku Durban pa 8 Meyi 1875, ali ndi zaka 54. Sadakwatire, ndipo adafa ali mmphaŵi.

Chaka chotsatira, mu 1876, amishoni a ku Scotland adamanga misasa yawo pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, natcha malowo Blantyre. Katundu wawo ankabwera pa Zambezi ndi Shire, natsitsidwa kumunsi kwa mathithi, kenaka amtengatenga ankakwera naye mapiri pamutu. Nyumba ya Mandala, imene idamangidwa mu 1882 ndi kampani yonyamula katundu pa njira imeneyi, ilipobe, ndipo m'menemo bungwe la Society of Malawi limasunga mabuku a mbiri yakale ya dziko lino. Mathithi a Shire amene Baines sadawaone ndiwo amapereka magetsi ku Blantyre ndi Limbe. Makina a pa Nkula adayamba kugwira ntchito mu 1966, ndipo a pa Kapichira mu 2000.

Zojambula za Baines zilipo mazanamazana, ndipo zimasungidwa ku London, ku King's Lynn, ku Johannesburg ndi ku nyumba yosungira zolemba zakale ku Harare. Mathithi a Victoria akugundabe monga kale, ndipo mlendo angathe kuima pamene iye adaima ndi kufanizira. Ku Kebrabasa zinthu zidasintha. Mu 1974 damu lalikulu la Cahora Bassa lidatseka chigwembe chija, ndipo madzi adabwerera m'mbuyo mtunda wa makilomita oposa 200. Ambiri mwa matanthwe akuda amene adatentha mapazi a Amakololo ali pansi pa nyanja, ndipo asodzi a kapenta amayendetsa mabwato awo pamwamba pake usiku atayatsa nyali.